6 Julaye: Makalendala Awiri pa Khoma Limodzi



Abale athu okondedwa mwa Ambuye, inu nonse amene mwakhala pafupi ndi wailesi m'mawa uno ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ku Chilobwe ndi kwina konse kumene mawu athu akufika, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Tikudziwa kuti ambiri mukutimvera mutafunda bulangete, ena mwazungulira mbaula, pakuti chiperoni chatsika ndipo phiri la Soche silikuoneka nsonga yake. Imeneyi ndiyo nyengo yake. Chaka ndi chaka, nkhungu ikaphimba mzinda wathu ndipo mame akayamba kuluma mapazi a ana opita kusukulu, timadziwa kuti tsiku la 6 Julaye layandikira.

M'nyumba zambiri za akristu muli makalendala awiri pa khoma. Ina ndi ija tidalandira kusitolo kapena kuntchito, ina ndi ya Mpingo. Pa kalendala ya kusitolo tsiku la 6 Julaye adalilemba mofiira, chifukwa ndi tchuthi chokumbukira ufulu wa dziko lathu. Pa kalendala ya Mpingo palembedwa dzina la kamtsikana ka zaka 11 ka ku Italy, Maria Goretti Woyera. Ndipo amene amawerenga mbiri ya Eklezia amadziwanso kuti tsiku lomweli, m'chaka cha 1535, Thomas More adadulidwa mutu ku London. Dziko lapansi lili ndi zina zimene limakumbukira pa tsikuli. Pa 6 Julaye 1885 Louis Pasteur adayamba kubaya katemera wa chiwewe kamnyamata kolumidwa ndi galu, Joseph Meister, ndipo kadachira. Pa 6 Julaye 1935 adabadwa Dalai Lama, mtsogoleri wa chipembedzo wa ku Tibet, ndipo pa 6 Julaye 1975 zilumba za Comoros zidalengeza ufulu wake. Koma ife lero tikhala pa makalendala athu awiri aja, chifukwa tikawayang'ana pamodzi amatifunsa funso limodzi: kodi m'dziko la mfulu, ndani amaloledwa kunena kuti ayi, ndipo amanena kwa yani?

Tiyambire ku Chileka. Pa 6 Julaye 1958, tsiku Lamulungu, khamu la anthu lidasonkhana pabwalo la ndege kudikira munthu amene ambiri a iwo adali asanamuonepo. Dr Hastings Kamuzu Banda adali atachoka kwawo zaka zoposa 40 m'mbuyomo. Adagwirapo ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa, adaphunzira ku America ndi ku Scotland, nachita udokotala ku England ndi ku Ghana. Amene adamuitana adali anyamata a Congress, monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza, amene adaona kuti mafumu ndi anthu a kumudzi sadzamvera mwana wamng'ono, koma munthu wa imvi ndi wophunzira. Chimene dziko lonse linkakana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene atsamunda adatikakamiza mu 1953 tisakufuna. Makolo athu ambiri adali atagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya kumwera, ndipo ankadziwa ndi matupi awo m'mene munthu wakuda ankakhalira kumeneko. Tsono ufulu wa dziko lino udayamba ndi ayi wa anthu wamba, wonenedwa kwa boma lokhala ndi mfuti.

Ayi ameneyu adagulidwa ndi magazi. Pa 3 Malichi 1959, kusanache, apolisi adagwira Dr Banda ndi atsogoleri ena, ndipo iye adatumizidwa kundende ya ku Gwelo. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ambiri a iwo adasungidwa kuno kwathu, mumpanda wa waya ku Kanjedza pafupi ndi Limbe. Musaliiwale dzina la Kanjedzali, pakuti tilipezanso kutsogoloku. M'masabata amenewo anthu oposa 50 adaphedwa m'dziko muno, ndipo pa doko la Nkhata Bay pokha padagwa anthu osachepera 20. Dr Banda adatuluka m'ndende pa 1 Epulo 1960, chipani cha Malawi Congress chidapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, ndipo chitaganya chija chidatha pa 31 Disembala 1963.

Tsono udafika usiku umene agogo athu sakhuta kuusimba. Lamulungu pa 5 Julaye 1964 anthu pafupifupi 40,000 adadzaza bwalo la masewero la ku Chichiri, lomwe lero timalitcha Kamuzu Stadium. Kudali kozizira monga lero lino, koma palibe amene adaganiza zopita kunyumba. Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II, ndiye adaimira Britain. Pakati pa usiku mbendera ya atsamunda idatsitsidwa, ndipo idakwera yathu, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka. Dzina la Nyasaland lidafa usiku umenewo, Malawi nabadwa. Nyimbo ya fuko, imene adaipeka Michael Sauka, ndi pemphero kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo tiyenera kunyadira kuti dziko lathu lidayamba moyo wake likupempha madalitso a Mulungu. Amene adaliko amatiuza kuti amayi adalulutira mpaka mawu kusasa, ndipo amuna akuluakulu adalira misozi osachita manyazi. Ife sitipeputsa chimwemwe chimenecho. Chidali choona ndi choyenera, ndipo mwana aliyense wa m'dziko muno ayenera kuuzidwa za usiku umenewo.

Komatu abale, mlaliki amene amasimba theka la mbiri ndi mboni yonama. Isanathe miyezi iwiri, nduna zimene zidaima pambali pa Dr Banda usiku uja zidamuuza kuti pa zinthu zina sizikugwirizana naye. Zidadandaula za ubale wake ndi Apwitikizi ndiponso boma la tsankho la ku South Africa, za kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, za tiki imene odwala adayamba kulipitsidwa m'zipatala za boma, ndi za m'mene iye ankazichitira ngati ana pamaso pa anthu. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma uphungu wa ndunazo sudalandiridwe ngati wa mnansi. Pa 7 Sepitembala 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo adachotsedwa pa maudindo awo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere adatula pansi okha udindo. Posakhalitsa ambiri a iwo adathawira kunja. Ena pambuyo pake adatenga zida, chinthu chimene sitikuchiyamikira, ndipo Yatuta Chisiza adafera momwemo mu 1967. Chipembere adamwalirira ku America mu 1975, osaonanso nyanja ya kwawo. Orton Chirwa adafera m'ndende ya ku Zomba mu Okutobala 1992.

Ndipo taonani zimene kalendala yofiira ija siinena. Pa 6 Julaye 1966 dziko lathu lidasanduka ripabuliki, ndipo malamulo atsopano adakhazikitsa chipani chimodzi chokha. Pa 6 Julaye 1971 Dr Banda adalumbira kukhala Pulezidenti Wamuyaya. Tsiku limene tidalandira ufulu ndi lomwelo limene tidaupereka pang'onopang'ono m'manja mwa munthu mmodzi, tikuwomba m'manja. Sitikana zabwino za zaka zimenezo. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, misewu idamangidwa, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo dziko lathu silidaone nkhondo monga anansi athu a ku Mozambique. Koma inu akuluakulu mukukumbukiranso zina. Mukukumbukira ana a sukulu akukonzekera zionetsero za 6 Julaye masabata ambiri m'chisanu, mbumba ikuvina kubwalo kuja, ayufi ataima pakhomo la msika wa Limbe ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani, ndi bambo akutsitsa mawu m'nyumba mwake momwe poopa kuti khoma lili ndi makutu. Munthu adali mfulu yonena kuti inde basi.

Apa ndi pamene kalendala ya Mpingo ikutilankhula. Thomas More adabadwira ku London mu 1478. Adali katswiri wa malamulo, bambo wa pabanja wokonda nthabwala, amene adaphunzitsa ana ake aakazi mofanana ndi aamuna pa nthawi imene zimenezo zidali zachilendo. Mfumu Henry VIII idamkonda kwambiri, ndipo mu 1529 idamuika kukhala nduna yaikulu yoyang'anira malamulo ndi makhoti a dziko lonse. Koma mfumuyo idafuna kusiya mkazi wake Catherine kuti ikwatire Anne Boleyn, ndipo Apapa atakana kuthetsa ukwatiwo, Henry adadzitcha yekha mutu wa Eklezia wa ku England. More sadaukire mfumu, sadasonkhanitse asilikali, sadalembe zonyoza. Mu 1532 adatula pansi udindo napita kwawo, nakhala chete. Koma mfumu yofuna kupembedzedwa siikhutira ndi chete wa munthu wolungama, chifukwa chete wotere amamveka kuposa ng'oma. Mu Epulo 1534 adamuitana kuti alumbire, iye nakana, ndipo adamtsekera m'ndende ya Tower of London miyezi 15.

Chimene chimatigwira mtima pa nkhaniyi ndi chakuti amene adamuyesa kwambiri adali a m'banja mwake. Mkazi wake Alice adamfunsa chifukwa chake akugona ndi makoswe pamene ali ndi nyumba yabwino. Mwana wake wokondedwa Margaret adamchonderera kuti alumbire monga adachitira ena onse. Ndipo indedi pafupifupi onse adali atalumbira: akuluakulu a boma, aphunzitsi a m'mayunivesite, ngakhale maepiskopi, kupatula mmodzi yekha, John Fisher wa ku Rochester, amene adadulidwa mutu pa 22 Juni 1535. More sadaweruze aliyense wa iwo. Adangonena kuti chikumbumtima chake sichimulola, ndipo kuti adzaima yekha pamaso pa Mulungu kukayankha za mzimu wake. Pa 1 Julaye adamuzenga mlandu, namgamula potsata umboni wa munthu mmodzi, Richard Rich, umene More adati ndi wabodza. Pa 5 Julaye adalembera Margaret kalata yotsanzika ndi khala la moto, poti adali atamlanda zolembera. M'mawa mwake, ataima pamalo ophera anthu, adauza khamu kuti akufa ali mtumiki wokhulupirika wa mfumu, koma choyamba wa Mulungu. Papa Pius XI adamlemba m'gulu la Oyera mu 1935 pamodzi ndi John Fisher, ndipo Eklezia amawakumbukira onse awiri pa 22 Juni. M'chaka cha 2000 Papa Yohane Paulo II adamsankha kukhala nkhoswe ya atsogoleri a maiko ndi andale.

Tisafulumire kudzitama kuti ameneyu ndi wathu. Pamene More adali pa udindo, anthu angapo adatenthedwa ku England chifukwa cha chikhulupiriro chawo chosiyana ndi chathu, iye akuvomereza. Ndipo tsiku lomweli la 6 Julaye, m'chaka cha 1415, wansembe wa ku Bohemia, Jan Hus, adatenthedwa wamoyo ku Constance, msonkhano waukulu wa maepiskopi utamgamula kuti ngwopotoza chiphunzitso. Adapita kumeneko atalonjezedwa kuti palibe adzamkhudza, koma lonjezo silidasungidwe. Mu Disembala 1999 Papa Yohane Paulo II adanena poyera chisoni chake chifukwa cha imfa yankhanza imeneyo. Tikunena izi kuti akatekisiti athu asadzidzimuke akafunsidwa, ndiponso kuti tidziwe kuti matenda okana kumva ayi wa mnzathu sagwira mafumu okha. Adalowapo ndi m'nyumba ya Mulungu.

Nanga kuno kwathu, ndani adayamba kunena ayi pa zaka zovuta zija? Chilungamo chitikakamiza kuvomera kuti sitidali ife. A Mboni za Yehova adakana kugula khadi la chipani. Mu 1967 mpingo wawo udaletsedwa, ndipo mu 1972 nyumba zawo zidatenthedwa, adachotsedwa ntchito, adamenyedwa, amayi adachitidwa zamanyazi, ena adaphedwa, ndipo zikwi zambiri zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Pa chiphunzitso timasiyana nawo kwambiri, ndipo sitibisa. Koma adali anansi athu ku Ndirande ndi ku Bangwe, tinkatunga nawo madzi pa mpopi umodzi, ndipo pamene ankathamangitsidwa ambiri a ife tidatseka zitseko. Tidaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena amati Eklezia adakhala chete chifukwa adali atapsa kale. Nzoona kuti mu 1960 nyuzipepala ya chipani idanyoza koopsa Arkiepiskopi Theunissen wa Blantyre, kumnenera kuti ndiye adayambitsa chipani cha Chester Katsonga, ndipo kuyambira pamenepo abusa athu adayenda mosamala. Nzoonanso kuti Eklezia adapitiriza kutumikira anthu m'sukulu ndi m'zipatala zake. Koma mu Meyi 1983, pamene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adapezeka atafa ku Mwanza, dziko nkuuzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto, tonse tidangogwira pakamwa.

Mulungu ngwoleza mtima, ndipo adatipatsa nthawi yathu. Papa Yohane Paulo II adatiyendera mu Meyi 1989, ndipo patapita zaka zitatu, pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Idasindikizidwa mwakachetechete ku Balaka, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Munalibe mawu achipongwe m'kalatamo. Idanena za malipiro ochepa a anthu apantchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kuchepa kwa sukulu ndi mankhwala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene adatseka pakamwa pa fuko lonse. Zonsezi aliyense ankazidziwa kale. Chachilendo chidali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, pa guwa. Amene adali m'tchalitchi tsiku limenelo amakumbukira anthu akuyang'anana, ena akuwomba m'manja, ena akusuzumira kukhomo ngati apolisi afika.

Patapita masiku awiri, Arkiepiskopi James Chiona ndi maepiskopi anzake adaitanidwa ndi apolisi, nafunsidwa mafunso maola ambiri. Kudali kuti? Ku Kanjedza, dera lomwe lija kumene atsamunda adasungako omenyera ufulu mu 1959. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo udali mlandu. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. Koma madzi adali atatayika, sakadawoleka. Ophunzira a ku Zomba adayenda m'misewu, abale athu a mipingo ina adaima nafe, ndipo mu Meyi anthu apantchito a mu Blantyre ndi Limbe adanyanyala ntchito. Masiku amenewo anthu makumi angapo adaomberedwa m'misewu ya mzinda uno, ndipo ambiri a iwo mayina awo sadalembedwe pa chipilala chilichonse. Pa 14 Juni 1993, m'chisanu chonga chomwechi, tidaima pa mizere kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Tiyenera kunenanso, poti ndi zoona, kuti Dr Banda atagonja pa chisankho cha 17 Meyi 1994 adavomera pa wailesi, nasiya mpando popanda nkhondo.

Mwina ena mukuti: zonsezi nza akuluakulu, za nduna ndi maepiskopi, nanga ife a m'makwalala a Mbayani zitikhudza bwanji? Nchifukwa chake Eklezia adaika pa tsikuli kamwana kosauka, osati nduna. Maria Goretti adabadwa pa 16 Okutobala 1890 ku Corinaldo. Umphawi udasamutsa banja lake kupita kudera la madambo pafupi ndi Nettuno, kumwera kwa Roma, kumene ankalima munda wa mwini malo nkumagawana naye zokolola, monga amachitira matenanti a m'minda ya fodya kuno kwathu. Bambo wake Luigi adamwalira ndi malungo mu 1900, matenda omwewa amene timaika nawo ana athu m'manda. Mayi wake Assunta adatenga khasu la mwamuna wake, ndipo Maria ndiye adasanduka mayi wa pakhomo: kuphika, kusoka, kutunga madzi, kulera ang'ono ake. Kusukulu sadapiteko. Chifukwa cha kusowa, ankakhala nyumba imodzi ndi banja lina, la a Serenelli. Inu amene mumakhala m'nyumba za lendi, mabanja asanu pa bwalo limodzi, bafa limodzi, mukudziwa bwino m'mene mwana wamkazi amakhalira pangozi m'malo otere.

Mnyamata wa m'banja linalo, Alessandro, wa zaka 20, adayamba kumvutitsa, namuopseza kuti akaulula adzamupha. Maria adaopa, sadauze mayi wake. Pa 5 Julaye 1902, akuluakulu onse ali pabwalo kupuntha nyemba, Maria adatsala akusoka malaya ndi kuyang'anira khanda. Alessandro adamkokera m'nyumba. Mwanayo adakana, nanena kuti chimenecho ndi tchimo ndipo Mulungu sachifuna. Mnyamatayo adambaya ndi chitsulo chosongoka ka 14. Adamtengera kuchipatala cha ku Nettuno, koma madokotala sadathe kumpulumutsa. Asanamwalire, pa 6 Julaye, wansembe adamfunsa ngati akumkhululukira amene adambaya, ndipo iye adayankha kuti akumkhululukira, ndipo akufuna kuti adzakhale naye kumwamba. Pamene izi zinkachitika ku Italy, kuno kwathu ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prezeau ndi Antoine Winnen, adali asanathe chaka chimodzi ku Nzama, kumene adafika mu Julaye 1901. Eklezia wathu adali khanda pamene mwanayu ankafa, ndipo lero atsikana athu ku Limbe amaphunzira pa sukulu yodziwika ndi dzina lake.

Akatekisiti ndi makolo, pano tikupemphani kuti mutchere khutu, chifukwa nkhani ya Maria Goretti yaphunzitsidwa molakwa kawirikawiri. Ena amaisimba ngati kuti mtsikana amene adagwiriridwa nakhala ndi moyo ngwodetsedwa, kapena kuti kukadakhala bwino akadafa. Chimenecho si chiphunzitso cha Eklezia. Augustino Woyera adalongosola kalekale, pamene akazi achikristu adachitidwa zotere mzinda wa Roma utagwa m'manja mwa adani mu 410, kuti munthu wokakamizidwa sataya kuyera kwake, pakuti tchimo limakhala mwa wochita nkhanza, osati mwa wochitiridwa. M'Miphakati yathu muli ana ndi amayi amene asenza katundu ameneyu mwakachetechete, ndipo mawu athu osasamala angathe kuwabayanso kachiwiri. Chimene tiyenera kufunsa ndi ichi: chifukwa chiyani Maria adaopa kuuza mayi wake? Nanga mwana wa m'nyumba mwathu akabwera kudzanena za amalume ake, za bambo womupeza, za mwini nyumba kapena za mphunzitsi, kaya za munthu wa mu Mpingo momwe, timamumvera kapena timamuuza kuti akhale chete kuopa kuchititsa manyazi banja? Dziko lathu lidakhazikitsa mu 2015 lamulo loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti agwirizane nalo. Komabe lamulo la ku Nyumba ya Malamulo silingalowe lokha m'chipinda. Ngati mwana wamkazi sangathe kunena ayi pakhomo pa makolo ake namvedwa, ndiye kuti pakhomo pamenepo mbendera ya 1964 siinakwerebe.

Ndipo kukhululuka kwa Maria sikudafafanize mlandu. Alessandro adagamulidwa zaka 30, nakhala m'ndende zaka 27. Zaka zoyamba adali wouma mtima, osafuna kuona wansembe. Adasintha pambuyo pake, episkopi wina atamuyendera, ndipo iye mwini adasimba kuti adalota Maria akumpatsa maluwa. Atatuluka adapita kwa Assunta mu 1934, pa nyengo ya Khrisimasi, kukapepesa. Mayi amene ana ake otsala adabalalika chifukwa cha imfa ija adamuyankha kuti ngati mwana wake adakhululuka, iye sangakane, ndipo awiriwo adakagwada pamodzi pa Misa. Pa 24 Juni 1950 Papa Pius XII adalemba Maria m'gulu la Oyera, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwa anthu mwambowo udachitikira panja, pabwalo la Petro Woyera, Assunta ali pomwepo, nkhalamba yoyera mutu. Alessandro adatsiriza moyo wake akugwira ntchito ya m'dimba kwa ansembe a chipani cha Akapuchini, namwalira mu 1970. Taonani dongosolo lake: choona chidanenedwa, chilango chidaperekedwa, wolakwa adabwera yekha kudzapepesa. Kuno kwathu timakonda kudumpha zonsezi nkuthamangira kunena kuti zakale zisiyeni, pamene alipo amasiye a zaka zija amene mpaka lero sadauzidwe kumene amuna awo adaikidwa.

Pali ana enanso amene tsikuli lidatitengera. Pa 6 Julaye 2017, pa chikondwerero cha zaka 53 za ufulu, khamu lidapanikizana pa zipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe, likufuna kulowa kukaonera mpira. Anthu 8 adafa, 7 mwa iwo ana. Adachoka kwawo m'mawa atasamba, atavala zovala zawo zabwino, kupita kukasangalala ndi dziko lawo. Pa Misa ya 6 Julaye tikupempha kuti m'parishi iliyonse ndi m'Mphakati uliwonse anawa atchulidwe m'mapemphero a akristu, pamodzi ndi ophedwa a 1959, a Mboni amene adafera m'tchire mu 1972, anayi a ku Mwanza, ndi oomberedwa a mu Meyi 1992. Tidzapemphereranso mzimu wa Dr Banda, amene adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, ndi wa Ambuye Chiona, amene adatisiya mu 2008.

Ambiri a inu tsikulo mudzakwera minibasi kuchokera m'tauni kupita ku Limbe. Mukadzafika pa Chichiri mudzadutsa pa chipilala cha ufulu. Msewu umenewo kale unkatchedwa Kamuzu Highway, lero ndi Masauko Chipembere, dzina la munthu amene kwa zaka pafupifupi 30 kungomutchula kokha udali mlandu. Chapafupi pomwepo pali bwalo lija kumene mbendera idakwera, ndipo ilo likadali ndi dzina la Kamuzu. Ana anu akadzakufunsani kuti anthu awiriwa adali ndani, muwauze za onse awiri, kuyambira ku Chileka.